Chitsulo chinalimba, bondo la Tiyamike linagonja

Munali mu 2022, ine ndili ndi zaka 73, pamene ndinaononga bondo la mdzukulu wanga ndi manja angawa. Sindinaledzere. Sindinamumenye. Ndinamugulira mphatso. Inu owerenga, makamaka amuna anzanga amene mwakalamba mukudziwa ntchito imodzi bwino, mundimvetsere.

Sukulu ndinalekeza Sitandade 6. Kwa zaka makumi anayi ndinkakonza njinga ndi kuwotcherera ngolo ku Mchinji, ndipo palibe anabwezapo ntchito yanga kuti yamasuka. Akunyumba atamwalira, mwana wanga Esinati, amene ndi namwino, ananditengera kuno ku Glasgow. Timakhala ku Govanhill, m'nyumba yosanja. Mwamuna wake ndi wa konkuno, amagwira ntchito panyanja, amabwera mwa apo ndi apo. Mwana wawo ndi mmodzi, Tiyamike. Dzinalo ndinamutcha ndine.

Koma Tiyamike ali ndi agogo ena, asewere anga a Douglas, a ku Pollokshields. Iye amawatchula kuti Granda. Ndiwo anamuphunzitsa masewera otsetsereka pa sinowo, chipale chofewa chija, ali ndi zaka zisanu. Munthu amavala nsapato zolimba ngati chigoba, kumapazi n'kumangako matabwa awiri aatali otchedwa masiki, n'kumatsika phiri mwa liwiro. Loweruka lililonse galimoto ya a Douglas ikangoimba hutala pansi, mwanayo ankasiya tiyi patebulo, kutsika masitepe osatsanzika n'komwe. Ine ndinkaima pawindo. Akabwera, nkhani inali Granda wati, Granda wachita. Ndikamufunsa m'Chichewa ankandiyankha mawu awiri a Chingerezi chake chothamanga chija. Pafiriji panali zithunzi zisanu ndi ziwiri za iye ndi a Douglas. Ndinaziwerenga. Changa panalibe.

Munthuyo sanandilakwirepo. Ankandipatsa moni ndi manja awiri, atamva kuti ndi mmene timachitira kwathu. Zimenezo n'zimene zinkandiwawa kwambiri. Ndinkafuna atakhala wamwano kuti ndipeze pomudera.

Mu Januwale, Tiyamike ali ndi zaka 14, anagwa pa mpikisano. Pokhota, siki imodzi inavuka n'kumusiya. Anabwera kunyumba akulira, n'kuponya magolovesi pansi. A Douglas anamusisita pamutu n'kumuuza kuti zogwirira nsapato zachita ntchito yake. Ine ndinaseka mumtima. Chitsulo chamasuka pakati pa ntchito, munthu n'kumati chachita bwino?

A Douglas atachoka ndinatenga masikiwo n'kuwaona. Zogwirirazo zimakhala ziwiri, china kuchala, china kuchidendene. M'kati muli sipuling'i, pamwamba pali kawindo koonetsa nambala. Zake zinali pa faifi. Zinali zopepuka, pulasitiki wambiri. Ndinati apa ndiye pamene mzungu uja waperewera, ndipo apa ndi panga.

Sabata yotsatira a Douglas anagonekedwa m'chipatala kuti awachite opaleshoni ya chiuno. Anawaletsa kuyendetsa galimoto kwa masabata asanu ndi limodzi. Ndikuvomereza, ndinakondwa.

Ndinapita kusitolo ya zamasewerawa. Ndinauza mayi wogulitsa kuti ndikufuna zogwirira zolimba kuposa zonse, zoti munthu agwe bwanji zisamasuke. Mayiyo anayamba mafunso. Mwanayo amalemera bwanji, ndi wamtali bwanji, zaka zake, kutalika kwa nsapato, amatsetsereka motani. Anati ndibwere naye pamodzi ndi nsapato zake, amange okha, ayese pa makina. Ine ndinaona ngati akundiyesa mbuli. Ndinavala chipewa changa n'kutuluka.

Zimene ndinkafuna ndinazipeza m'sitolo ya katundu wakale. Chitsulo chokhachokha, cholemera m'manja ngati habu ya njinga ya kabaza. Manambala ake ankayambira pa teni. Pano ndikudziwa kuti zimenezo amapangira amuna amatupi akuluakulu odumpha m'matanthwe. Tsikulo ndinangoziyeza m'dzanja, n'kunena kuti ichi ndiye chitsulo.

Ndinabwereka chiboolero kwa mnzanga wa kutchalitchi, poti m'bokosi langa la zipangizo munalibe. Masana, Esinati ali kuntchito, ndinayala nyuzipepala patebulo la kukhitchini, ndinachotsa zakale, ndinamanga zanga. Ndinalowetsa nsapato, ndinaikoka, ndinaipotoza, ndinaimenya ndi chidendene. Sinasunthe. Chibwerereni m'dziko lino, limenelo linali tsiku loyamba kudzimva kuti ndine munthu wa ntchito.

Tiyamike atabwera kusukulu anakuwa ndi chimwemwe. Anati zoterezi amakhala nazo akatswiri. Kenako anasuzumira pakawindo kaja, nkhope inasintha.

“Agogo, Granda amati yanga ndi faifi.”

“A Granda akowo anamangapo ngolo zingati?” ndinatero.

Anaseka, anandikumbatira, anajambula chithunzi tili awiri, masiki pakati. Ndinamuuza kuti asavutitse munthu wodwala ndi nkhani imeneyi. Inu owerenga, apa ndiye pamene sindingadzikhululukire. Kusadziwa kokha bwenzi ndikunena kuti ndi ngozi. Koma ndinabisa chifukwa ndinkadziwa kuti a Douglas akamva akana, ndipo mwana amvera iwo.

Loweruka gulu lawo linapita kumapiri a kumpoto pa minibasi. Ine ndinakhala pampando umene a Douglas amakhala pa maulendo otere. Kunkazizira moti mano ankawawa, koma ndinaima kumunsi pampanda, osalowa m'nyumba yomwera tiyi. Tiyamike anatsika katatu bwinobwino. Ulendo uliwonse ankandikwezera ndodo yake yotsetserekera. Ine, osati munthu wina.

Ulendo wachinayi anabwera mwa liwiro kwambiri. Nsonga ya siki inakodwa mu sinowo wolimba. Thupi linazungulira. Siki sinazungulire, ndiponso sinavuke. Chitsulo changa chinagwira monga ndinachimangira. Kulira kwake ndinakumva ndili pampanda.

Anamutsitsa atagona pa machira okoka. Bambo wina wa gulu lopulumutsa anthu anavutika kumasula nsapato ija. Anayang'ana nambala, anayang'ana thupi la mwanayo, n'kufunsa kuti wamanga ndani. Ndinati ndine. Ndinayankha mokweza, ngati kale kumsika anthu akafunsa wopanga ngolo. Iye anangotembenukira kwa mwanayo.

Kuchipatala dokotala anati mitsempha iwiri ya m'bondo yaduka, ndipo fupa la m'munsi mwake lang'aluka. Anafotokoza kuti sipuling'i ija anaiikamo dala, kuti munthu akagwa moipa siki ichoke mwendo usanapotoke. Pakati pa chitsulo ndi mwendo, chimodzi chiyenera kugonja. Ine ndinasankha chitsulo chosagonja.

Esinati ananditulutsa m'chipindamo. Sanakweze mawu. Anangoti, “Bambo, mwana uja si ngolo.”

A Douglas anafika pa takisi, akuyendera ndodo ziwiri, bala la opaleshoni lisanapole. Tiyamike atawaona anatambasula manja akulira kuti Granda. Ine ndinali pomwepo, pampando wa pafupi ndi bedi, kuyambira masana. Sanandikalipire bambowo. Anandifunsa chinthu chimodzi, kuti bwanji sindinawafunse.

Musaganize kuti nsanje inathera pamenepo. Miyezi yonse yophunzira kuyenda, amene ankamutengera kuchipatala ndi a Douglas. Atayamba kusambira kuti bondo lilimbe, anali a Douglas. Hutala imalirabe pansi Loweruka, ndipo ine ndimaimabe pawindo. Kusiyana kwake n'kwakuti pano Tiyamike amatsika masitepe pang'onopang'ono, atagwira chitsulo cha m'mbali, ndipo ndimamva phazi lililonse.

Tsono mverani, inu amene ana anu alowa masewera amenewa. Zogwirira zabwino si zolemera m'manja. Zolimba zenizeni ndi zimene zimapirira kugwa kambirimbiri osathyoka, koma n'kumasula mwendo pa nthawi yake. Nambala isankhidwe poona thupi la munthu ndi katsetserekedwe kake, osati mtima wa wogula. Zakale zosadziwika mwini wake zisiyeni. Musamange nokha ngakhale mutakhala mmisiri wotani. Pitani ndi mwanayo ndi nsapato zake kwa odziwa, ayese pa makina, ndipo akakufunsani mafunso yankhani. Siki ikamavuka kawirikawiri, bwererani kwa iwo omwewo. Ndipo mphatso imene mukuuza mwana kuti abise kwa munthu amene amamukonda, musaipereke. Imeneyo mwadzigulira nokha.

Zimene zinatayika ndi izi. Mitsempha iwiri. Maopaleshoni awiri pa mwendo wa mwana wa zaka 14. Miyezi khumi ndi umodzi ya ndodo ndi kutsimphina. Malo ake m'gulu la mpikisano, amene sanawapezenso. Bokosi langa la zipangizo, limene Esinati anakapereka kutchalitchi osandifunsa, ine osatsutsa. Chithunzi chimodzi cha ine ndi iye, chimene sichinafike pafiriji. Tiyamike amandipatsabe moni m'mawa uliwonse, mwaulemu, m'Chichewa chabwino: mwadzuka bwanji, agogo. Chibwerereni kuphiri kuja sanandionetsenso kanthu kake kalikonse koti ndimukonzere.