Limbikani ndi Sitima ya ku Mozambique

Anzanga, mwakhala mukundifunsa za mwamuna amene ndinayamba kumukonda. Lero ndinene.

Chinali chaka cha 1997. Ndinakwera basi ku Blantyre mpaka ku Harare, kenako sitima ya ku Joni, ulendo wa kwa azakhali anga ku Katlehong. Ndinakhala cha kuwindo. Tisananyamuke kunabwera mnyamata wamtali, jekete yake ngati yobwereka.

"Sister, excuse... window, please?"

Chizungucho chinamuulula. Ndinati, "Achimwene, lankhulani Chichewa basi, musadzivute."

Anaseka mpaka kugwira m'mimba. Dzina lake Limbikani, wa ku Balaka. Ankakonza njanji ku Limbe ntchito isanathe.

Ndinamusiyira windolo. Ine kumati akufuna kamphepo, osadziwa kuti munthuyo ngopenga ndi njanji! Pa mlatho wa Limpopo anatulutsa mutu wonse panja mpaka anamukalipira. Titafika ku Pietersburg anandigwedeza ndili m'tulo.

"Achemwali, dzukani! Akuchotsa injini ya dizilo. Kuyambira pano tiyenda ndi magetsi, taonani mawaya m'mwambamo!"

"Mwandidzutsira mawaya?"

"Nanga ndiuze ndani? M'bogi monse muno wondimva ndinu nokha."

Anzanga, mawu opanda pake amenewo ndi amene anandigwetsa.

Tinatsikira limodzi ku Germiston. Iye anapeza maganyu omanga nyumba ndi kachipinda kuseri kwa nyumba ina ku Thokoza. Ine ndinayamba ntchito yam'nyumba ku Alberton. Lamlungu anzathu akupita ku mall, ife tili pa kamlatho ka anthu oyenda pansi pa siteshoni ya Germiston, tikudya magwinya, mandasi a kumeneko, iye akuloza njanji zopingasana zija.

"Iyi ikupita ku Durban. Iyo ndi ya ku Springs. Iyi ndi yathu ya ku Katlehong."

Pomwepo ndi pamene anandiuza kuti, "Stella, chaka chamawa amalume akaonekere kwanu. Ndili serious."

Ndinamukonda mwamuna ameneyu, sindikubisa.

Vuto linali limodzi. Masiku amene anatidindira m'mapasipoti anali atatha kalekale, tonse awiri. Ndipo Amalawi onse ankadziwa zimene zinkachitika ukagwidwa. Ukanena kuti ndiwe Mmalawi, ankakusunga miyezi kudikira ndege, n'kukakutula kwathu. Ukanena kuti ndiwe wa ku Mozambique, sabata yomweyo ankakukweza sitima ya ku border. Anyamata ena ankadumpha m'njira, pakatha masiku ochepa n'kuwaonanso ali pa ntchito.

"Ine akadzandigwira, ndine wa ku Tete," anatero Limbikani tsiku lina.

"Usadzayerekeze!"

"Sitima ndimaidziwa, Stella. Ikamayandikira pokhota imachepetsa liwiro, ndimamva m'mapazi mwangamu."

"Limbi, anthu amafa kumeneko."

"Ndiye ukufuna ndikakhale ku Balaka iwe uli kuno? Ayi, mayi. Sabata imodzi, ndabwera."

Apolisi anamugwira Lolemba m'mawa pa siteshoni ya Natalspruit, akupita ku ntchito, pamodzi ndi mnzake Zakeyu.

Ndinavala nsapato kuti ndithamangire kupolisi. Azakhali anaima pakhomo.

"Ukupita ndi mapepala ati? Ukalowa kumeneko nawenso sutuluka."

Ndinavula nsapatozo. Ndinalibe chochita koma kudikira.

Sabata inatha. Ina inathanso. Ndikaweruka ndinkakhala pa siteshoni kuyang'ana aliyense wotsika, mpaka amayi ogulitsa zipatso anayamba kundisungira pokhala.

Loweruka lina masana ndikuchapa, ndinangoona Zakeyu akulowa pageti, akutsimphina, nkhope yonse zipsera. Anayang'ana uku ndi uku.

"Alamu... kodi sanafike?"

Ndinakhala pansi m'madzi a sopo momwemo.

"Tinakwera limodzi sitima ya ku border ija," anatero Zakeyu. "Kumapiri kuja tisanafike ku Nelspruit Limbikani anatiuza kuti apa ikuchepetsa liwiro. Anayamba kudumpha ndi iye. Ine ndinadumphira patsogolo pang'ono. Ndinabwerera m'mbali mwa njanji ndikuitana, ndikuitana... zii."

Azakhali anali ndi mapepala abwinobwino, ndiye anati apita okha kukafunsa m'zipatala za kumeneko. Akumanga duku anafunsa Zakeyu, "Nanga anapereka dzina lanji?"

Zakeyu anawerama.

"Ankatifunsa aliyense payekha, amayi. Ndinangomva akumuitana dzina lachipwitikizi. Kaya João, kaya José... sindinaligwire."

Azakhali anapitabe. Kulikonse ankawafunsa dzina. Akati Limbikani, ankawauza kuti palibe. Akati ndi Mmalawi, ankawauza kuti sitima imeneyo sikwera Amalawi. Akati ndi wamtali, woderako, ankawafunsa kuti, "Mama, mukudziwa kuchuluka kwa anyamata otero amene timatola m'mbali mwa njanji?"

Anabwerako opanda kanthu. Anangondikumbatira.

Patapita miyezi anthu anayamba zawo. Wina akuti anamuona ku Maputo ali ndi mkazi. Wina akuti ayi, amene uja si iye. Amayi ake ku Balaka anakana kukhazika maliro, akuti mwana wawo ali ku Joni akugwira ntchito.

Anzanga, akanakhala kuti anandithawa, ndikanamutukwana, mtima n'kutsika. Akanakhala kuti anamwalira ndikuona, ndikanalira n'kumaliza. Koma ine ndinalibe pokwiyira, ndinalibenso polirira. Ndinamukhulupirira pamene anati sabata imodzi, chifukwa nayenso ankadzikhulupirira.

Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti ngati Limbikani wanga anamuika m'manda, anamuika ndi dzina limene ine sindilidziwa.