Kagalimoto kofiira pansi pa mtengo wa mango

Alamu anga, achimwene a mkazi wanga, ali ndi kagalimoto kothamanga ka mipando iwiri, kofiira, kafupi moti pa misewu ya ku Nabvutika kamakhula mimba pansi. Chaka chomwe mwana wawo wamkazi ankakwatiwa analumbira kuti amutengera ku tchalitchi pa komweko. Tsono injini inayamba kulira kwetekwete m'mawa uliwonse, ndipo anabwera nako kwa ine.

Ndine makanika wa pansi pa mtengo, koma tcheni cha taimingi ndimachipatsa ulemu. Ndicho chimagwirizanitsa mapisitoni ndi mavavu kuti asagundane. Ukachichotsa, injini isazungulire ngakhale pang'ono. Ndinachotsa batire, ndinaika giya pa nyutulo, ndinatsamiza miyala ku matayala, mawilo a mano ndinawalemba ndi penti yoyera. Ana a pakhomo ndinawauza kuti wokhudza galimotoyi adziwanso.

Nditangochotsa tchenicho, kunyumba yoyandikana nafe kunabuka kulira. Mayi a pakhomopo anali atatisiya. Kwathu kuno sugogoda zitsulo mnzako akulira, ndiye ndinaphimba injini ndi saka, kusamba m'manja, n'kupita ndi amuna anzanga kukaona za bokosi.

Pobwera masana ndinapeza tenti ya maliro itaimikidwa pansi pa mtengo wanga. Kagalimoto kanali kumunsi, pafupi ndi ngalande. Mayo ine!

Bambo oferedwawo, munthu wofatsa amene tinakhala naye moyandikana kuyambira ana athu akukwawa, anandigwira dzanja.

"Aneba, musadandaule za galimoto," anatero. "Malo anachepa, ndiye anthu anaikankha. Ndinakhala pa chiwongolero ndine, kuti wina angaiwononge. Inayamba kutsetsereka, buleki italimba ngati mwala, ndiye ndinaiponya m'giya. Inaima pomwepo."

Inaima, inde. Ndinadziwa chomwe chinaiimitsa: matayala anazunguza injini, mapisitoni n'kukamenya mavavu. Mkwiyo unandigwira, ndipo ine pakamwa sindichedwa, funsani mkazi wanga. Koma munthu maso ali psuu, mkazi wake ali gone m'nyumba, wasiya mtembo kuti asamale katundu wanga. Ndikanati chiyani?

"Zikomo, aneba, mwachita bwino," ndinatero.

Titaika maliro ndinabweza kagalimoto pansi pa mtengo n'kutsegula injini. Mavavu angapo anali atapindika ngati misomali yozula pa denga. Ndinafunsa m'mashopu onse a m'tauni, ndinatuma a mabasi a ku Lusaka, osapezeka. Alamu anga anabwera, anayang'ana, nandifunsa wachita zimenezi ndani. Ndinawalozera nyumba ija, pomwe phulusa la moto wa pamaliro linali lisanasesedwe. Anavula chipewa n'kupita kukapepesa maliro. Za galimoto sanatchuleko.

Mkwatibwi anapita ku tchalitchi pa galimoto yobwereka kwa aphunzitsi ena. Ndinaona alamu anga atakhala kumbuyo, manja ali pa maondo, ndipo zinandipweteka kwambiri.

Kagalimotoko kanatha dzinja lonse pansi pa mtengo, mango akugwera pa saka. Aneba aja tsopano ankaphika okha, ndipo madzulo ankabwera kudzakhala pa benchi langa kuti nthawi ipite.

"Kodi sikanachirebe?" ankafunsa, akusisita chitseko chake.

"Masipeya, aneba," ndinkayankha. "Masipeya a galimoto zimenezi amavuta."