Mitambo Yakuda M'kalasi ya a Khatri

A Chunnilal Khatri sanapiteko kusukulu ya zauphunzitsi. Kwa zaka makumi awiri anali pasiteshoni ya sitima kwathu ku Barmer, kugogoda kamakina kotumizira matelegalamu. Ntchitoyo itatha, sukulu yathu ya atsikana inawatola chifukwa Chingerezi ankachita kutafuna.

Koma chala chawocho, abale! Ndakatulo zakale za ku Mangalande ankaziphunzitsa pogogoda tebulo, pa liwu lopepuka ankagogoda pang'ono, pa lolemera mwamphamvu. Aphunzitsi anzawo ankawaseka: "A Khatri, sitima ya masana ifika nthawi yanji?" Anzawowo ankalowezetsa ana mayankho a m'kabuku kogula kumsika, ndipo ana ankakhoza.

Ine Sugna ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu pamene boma linatumiza woyendera sukulu, a Tripathi, kudzachotsa aphunzitsi opanda mapepala. Ankaonera phunziro limodzi basi. A Khatri anali atakula, kunyumba mkazi wodwala, kwina kopita kunalibe.

Ndinamva ndekha aphunzitsi aakulu, mayi Rathore, akunong'oneza a Khatri pakhomo: "Chonde bambo, lero zala m'thumba. Tsatani kabuku."

A Tripathi anakhala kumbuyo, cholembera m'manja, osasekerera ngakhale pang'ono. A Khatri anawerenga ndakatulo ya tsikulo, manja atawabisa kumsana. Mlakatuli ankati mtima wake uli ngati thambo lodzaza mitambo yakuda.

"Iwe wa pawindo," anatero a Tripathi akundiloza. "Chifanifani chimenechi chikutanthauza chiyani?"

Kwathu mvula inali isanagwe zaka zitatu. Ng'ombe za bambo anga zinali zitafa kutsala imodzi. Kukachita mitambo yakuda, amayi amatuluka kukaimba, ana n'kumathamanga mumsewu. Ndinayankha mosakayika: "Munthuyu wasangalala kwambiri, bwana. Mvula ikubwera."

Kalasi yonse inavomera. A Tripathi anayang'ana m'kabuku, pamene panalembedwa kuti chisoni, n'kuyamba kulemba. Mayi Rathore anagwira kukamwa.

Akanatha kungondikalipira a Khatri, n'kutiuza kuti kwa Azungu mvula ndi yotopetsa, tonse n'kubwereza katatu. Zikanathera pomwepo. Koma ndinaona dzanja lija likutuluka kumsana.

"Sugna mwana wanga, mitambo isiye kaye. Tseka maso. Nonsenu, zala patebulo."

"A Khatri!" anatero mayi Rathore motsitsa mawu.

Sanacheuke. Anawerenganso, ife tikugogoda. Mzere woyamba unayenda bwinobwino ngati mapazi a munthu. Wachiwiri mawu olemera anaunjikana atatu, zala zathu zikuchita kukoka. Kumapeto kwa ndime iliyonse liwu limodzi lomwelo linkabwerera, ndipo mzere wotsiriza unaduka usanafike pomwe tinkayembekeza. Zala zathu zinatsala m'mwamba.

"Mapazi amenewa akupita kuti?" anandifunsa. "Ku ukwati?"

Ndinali nditawamvapo mapazi otere chaka chomwecho, atanyamula mchimwene wanga kupita naye kumanda. Ndinafunsa:

"Aphunzitsi, wamwalira ndani?"

A Tripathi anatembenuza masamba uku ndi uku. "Kabuku sikakunena kuti wina wamwalira."

"Ngakhale ndakatuloyo sikunena, bwana," anayankha a Khatri. "Mlakatuli walephera kutchula. N'chifukwa chake mzere waduka."

"Nanga mayina asanu a zipangizo za ndakatulo a m'kabukumu ali kuti? Nthawi yatha, anawa angoimba ng'oma."

"Sitinafikepo, bwana."

A Tripathi anatseka cholembera chawo. Potuluka anaima pafupi nane, anakonza magalasi n'kupita.

Kalata inabwera patatha milungu itatu. Inati njira ya a Khatri siyothandiza pamayeso, choncho ntchito yawathera. A Khatri anatolera mabuku awo m'kansalu nthawi yopuma, kuti tisawaone. Ndinawathamangira pachipata ndikulira, ndikuti ndine ndawachotsetsa.

"Iwe, pukuta mamina," anatero. "Pamitambo sunalakwe, unayankha zakwanu. Bwerera, belu lalira."

Kenako ankalemba makalata a anthu osadziwa kulemba panja pa positi ofesi, mpaka anamwalira patatha zaka zinayi. M'malo mwawo munabwera mnyamata wa mapepala ake, waulemu ndithu. Tinaloweza kabuku konse, ndipo funso la mitambo linabweradi pamayeso. Ndinalemba kuti chisoni, ndinakhoza, ndipo mpaka lero zimandipweteka kuti anandichonga osandifunsa kuti ndadziwa bwanji.