Zibakera Zimene Anandisungira

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene belo la fodya linandithyola mwendo, ndipo ndikulumbira kuti kulira kwa fupalo kunamveka mpaka ku Lifupa. Msuweni wanga amene ankatsuka mbale kumeneko akuti njovu ziwiri zinasiya kumwa madzi padamu n'kuyang'anana. Amene akukayika akamufunse. Ali moyo, kungoti masiku ano samva bwino.

Tinkakhala pa esiteti ina chakumadzulo kwa Chulu. Bambo anga anali tenanti wochokera ku Phalombe, ndipo nyumba zathu zinali mumzere umodzi kuseri kwa zigafa, mabanja ochokera m'maboma osiyanasiyana, lililonse ndi chilankhulo chake chotukwanira. Tsiku limenelo ankatuta mabelo pangolo, ine n'kulendewera kumbuyo monga tinkachitira ana tonse. Ng'ombe zinadzidzimuka, belo la pamwamba linatsetsereka, ndipo tinatsika limodzi, ine pansi, ilo pamwamba. Kapitawo atafika anayamba wayang'ana ngati belo silinang'ambike. Atakhutira, anafunsa kuti mwanayu ndi wa yani.

Kuchipatala cha kuboma anandiika chikhakha kuyambira m'ntchafu mpaka kuzala. Ndodo zoyendera anati zatha. Ndiye bambo anapita kwa a Gondwe, mkulu wina wa kumpoto amene ankasankha fodya mushedi atakhala pathumba. Mwendo wawo wakumanzere unathera pamwamba pa bondo, thirakitala inawaponda ine ndisanabadwe, ndipo ndodo zawo ankasema okha. Zanga anandisemera za bulugama, pamwamba n'kukulungapo chiguduli, pansi n'kukhomerapo zidutswa za tayala.

"Usatsamire ndi m'khwapa, mwana iwe," anatero. "Tsamira ndi manja. Wapulika?"

Ndinavomera kuti ndamva, koma sindinamvere. Sabata isanathe m'khwapa monse munali zilonda, ndipo ndinkayenda nditatambasula mikono ngati nkhuku imene yamva kutentha.

Anthu a miyendo iwiri sadziwa kuti dziko lino analikonza okha, kukonzera iwo eni. Amene anatulukira chimbudzi cha dzenje sanaganizepo za munthu wa mwendo wosapindika. Ndinkagwira mpanda wa udzu ndi manja onse, mwendo wa chikhakha utatulukira pakhomo ngati ukulondera, mpaka tsiku lina mpandawo unatopa nane, tinagwera limodzi panja amayi a mzere wonse akuona. Kapu ya madzi ndinkanyamula ndi mano. Kudutsa m'munda wa mizere unali ulendo wofuna kamba. Kudambo ndodo inkatitimira mumchenga n'kundisiya ndikupita ndekha. Koma zonsezi zinali zochepa poyerekeza ndi kuyabwa. M'chikhakha munalowa nsikidzi, zinakwatirana momwemo, zinabereka, ana awo n'kukulira momwemo osadziwa kuti kunja kuli dzuwa. Pokanda ndinkagwiritsa ntchito sipoko ya njinga ya bambo. Masipoko ankapindika, ine n'kumazula ena, mpaka tsiku lina gudumu linapindika ndi bambo panjira ya ku Chulu. Mpaka lero amanena kuti njinga za masiku amenewo sizinali zolimba.

Koma ndodozo zinabwera ndi mwayi umene sindinauyembekezere. Pa esiteti pathu kumenyana kunali ngati moni. Ana tinkamenyana popita kusukulu, n'kubwereza pobwerako kuti titsimikize. Amayi ankamenya ndi chilichonse chimene chili pafupi, aphunzitsi ndi nthambi ya bulugama, kapitawo ndi chikoti cha chikopa cha mvuu chimene ankagona nacho. Komabe panali lamulo limodzi limene aliyense ankalidziwa popanda kuuzidwa: munthu wa pandodo samenyedwa.

Ndinalitulukira tsiku limene ndinakankha botolo la mafuta ophikira ndi ndodo, onse n'kuthera m'dothi. Amayi anakweza dzanja. Dzanjalo linaima m'mwamba ngati la munthu wolumbira kukhoti. Anayang'ana chikhakha, anayang'ana ine, n'kulitsitsa pang'onopang'ono.

"Ndakusungira," anatero.

Mawuwo sindinawasamale. Chimene ndinaona ine n'chakuti ndili ndi mikono iwiri ya bulugama, yaitali kuposa ya wina aliyense, ndipo palibe wobwezera. Pampira wa chikulunga ndinadziika kukhala woyimbira, ndipo wolakwa ndinkamugogoda m'misongolo. Wosalakwa ndinkamugogodanso kuti asadzalakwe. Galu wa kapitawo ndinamusiya akuyenda cham'mbali ngati nkhanu. Yohane, mwana wa kapitawo yemweyo, ndinamuthyola kachala kakang'ono chifukwa anandiitana kuti Miyendoitatu. Aliyense ankadzisisita pamene papwetekapo, n'kundiyang'ana modekha ngati mmene mayi amayang'anira tambala Khirisimasi ikuyandikira.

"Tikusungira, aise."

Ndiye panali Esinati. Anali mtsikana wa zaka khumi ndi zitatu, mwana wa tenanti wa ku Dedza, wosalankhula kwambiri. Ankasenza ndowa ina pamutu, ina kumanja, mwana kumsana. Anamenyapo mnyamata wa sitandade eyiti mpaka makolo a mnyamatayo anamusamutsa sukulu, ndipo kumene anapitako ankakhalabe pafupi ndi khomo.

Tsiku lina ndinaperekeza mlongo wanga wamng'ono kumjigo. Mzere unali wautali, ine n'kukankhira ndowa yathu kutsogolo ndi ndodo. Pamenepo panali pa Esinati.

"Bwezera kumbuyo, iwe."

"Sukuona kuti ndine wodwala?"

"Wodwala ndiwe. Ndowayo ili bwinobwino."

Amayi onse anaseka. Kuseka kumeneko n'kumene kunakweza ndodo yanga. Inamupeza pakamwa. Kunamveka kaphokoso kakang'ono, ngati munthu waluma mwala mumpunga. Esinati analavula magazi, anawerama, n'kutola kachidutswa ka dzino lake la kutsogolo. Anakayang'ana nthawi yaitali padzanja pake. Kenako anakunga chibakera.

"Esinati, usamukhudze! Ngwapandodo ameneyo!" anakuwa mayi wina.

Sanandikhudze. Anangoyandikira mpaka ndinamva fungo la magazi mumpweya wake.

"Ndodozo sunabadwe nazo," anatero motsitsa mawu. "Tsiku udzazisiye udzandipeza pompano."

Chisanu chili mkati anandichotsa chikhakha. Chimene chinatuluka m'menemo sindinachizindikire. Kanali kamwendo kowonda ngati mkangala woyanikira fodya, kaubweya, konunkha mwakuti ntchentche imene inafika poyamba inakomoka, anzake n'kuinyamula. Adokotala anakapindapinda n'kunena kuti fupa lagwirana bwino.

"Tsopano uyambe kupondera, pang'onopang'ono. Usiye ndodo imodzi, kenako inayo. Ukapanda kuuponda ufota, ndipo ukafota subwereranso. Wamva?"

Ndinamva. Koma nditafika kwathu ndinapeza anthu akundilandira mwachikondi chodabwitsa. Yohane anabwera yekha kudzandizonda, n'kufunsa mwaulemu kuti kodi adokotala anena kuti ndodo ndisiya liti. Ena ankandipatsa moni katatu patsiku, maso ali pamwendo. Esinati ndikamadutsa ankangomwetulira, kuti ndione pamene panali dzino.

Choncho sindinaponde. Mwendo ndinkaukolowekera m'mwamba ngati tambala pamvula, wina akandiyang'ana n'kubuula. Chisanu chinatha, mphepo ya fumbi inabwera n'kupita, anthu anayamba kuthirira nazale kudambo, ine ndili pandodo ziwiri. Amayi ankandithowa ndi madzi ofunda m'mawa uliwonse, ndipo tsiku lina ndinamva dontho lina limene silinachokere m'beseni likugwera pabondo langa. Madzulo ake ndinazemba kupita kuseri kwa nyumba kukayesa kuponda ndekha. Bondo linakana kuwongoka. Chidendene sichinafike pansi. Ndinachita mantha, koma nditayerekeza mantha awiriwo, oopa Esinati analemerabe.

Anandiitana ndi a Gondwe, masana ena dzuwa likuswa mtengo. Anali ataima m'chigafa chopanda fodya, msana atatsamira nsanamira.

"Zanga kuno," anatero m'chilankhulo chakwawo, ine n'kuyandikira.

Anawerama n'kuzinga katumba wanga ndi zala ziwiri. Zalazo zinakumana n'kupitirirana.

"Ukuopa kamtsikana kaja?"

"Ayi."

"Ndiye ponda."

"Ukupweteka."

"Ponda, mwana iwe."

Pamenepo ndinalankhula mawu opusa kuposa onse amene ndalankhulapo, ndipo ndalankhulapo ambiri. Ndinati, "Ndikakana mundichita chiyani? Simudziwa kuti munthu wa pandodo samenyedwa?"

Ndodo yawo inafika pamsana panga ndisanatseke pakamwa.

"Lamulo limenelo ndi la anthu a miyendo iwiri," anatero. "Ine silindikhudza."

Ndewu imene inachitika m'chigafa chimenecho sinaonekepo m'Kasungu yense: anthu awiri, miyendo itatu, umodzi mwa iyo wopanda ntchito, ndi ndodo zinayi. Ndinabwezera, ndisaname. Koma ine ndinali nditagwira ndodo miyezi yowerengeka, pamene iwo anali atakalamba nazo. Atatsamira nsanamira ija ankazunguza zonse ziwiri nthawi imodzi. Ina inandipeza m'nthiti, ina pachigongono, ina kumatako, ndipo ndikutsimikiza kuti ina inandipeza ndisanafike pamene ankamenyapo. Udzu wa padenga unkagwa ngati mvula. Ndodo yanga yoyamba inauluka n'kukakodwa mumtengo wa mango. Yachiwiri anaikola, anaitsamiritsa pansanamira, n'kuithyola pakati. Ine ndinkangoteteza mutu ndi manja onse awiri, ndikukuwa kuitana amayi ndi makolo onse a ku Phalombe.

Atasiya, ndinapezeka kuti ndaima. Mwendo unkapweteka ngati akhomamo misomali kuyambira kuchidendene mpaka m'chiuno, unkanjenjemera ngati wa kamwana ka ng'ombe kongobadwa kumene, koma zala zake zinali m'dothi.

A Gondwe anatsetsereka n'kukhala pansi, akupuma mwawefuwefu. Thukuta linkayenderera m'ndevu zawo.

"Ine ndinali munthu wa ndewu," anatero. "Ndikalowa pamowa anthu ankabisa mipando. Chichokereni mwendowu palibe amene wandikwezerapo dzanja. Dzana ndinatukwana kapitawo, mayi ake, ng'ombe zake, anthu onse akumva. Ukudziwa anatani? Anaseka. Anati, a Gondwe ndinu oseketsa. Ukuyesa ndi ulemu umenewo? Yayi. Anthu akasiya kukukwiyira ndiye kuti akuchotsa pakati pawo. Ine sindinasankhe. Iwe ukufuna kutaya mwendo wathunthu chifukwa cha theka la dzino."

Anangoloza ndi chibwano njira ya kumjigo.

Ndinayenda ndikugwira nsanamira, zitatha ndinagwira mapesi, atatha ndinagwira mphepo. Ndinagwa kangapo. Pofika kumjigo ana onse a pa esiteti anali kumbuyo kwanga, chete, ngati akuperekeza maliro a munthu amene akudziyendera yekha.

Esinati anatula ndowa. Anachotsa nkhata pamutu, anamasula mwana kumsana n'kupatsira mnzake.

"Wachira?"

"Ndachira."

"Ponda ndione."

Ndinaponda.

"Mwendo wodwala uja ndi uti?"

Ndinaloza.

"Chabwino. Umenewo sindiukhudza."

Anasunga mawu ake. Kwina konse anakhudza. Chibakera choyamba chinandionetsa ku Phalombe kumene ndinali ndisanakuonepo, ndi phiri lomwe. Chachiwiri chinandibweza. Anandigwetsa m'matope a pamjigo, anandidzutsa kuti ndiime ndi miyendo yanga, n'kundigwetsanso. Mphuno inatuluka magazi, diso linatsekeka, mlomo unatupa mpaka ndinkauona popanda galasi. Atatopa anapuma, Yohane n'kulowa, kenako a m'misongolo aja mmodzimmodzi, popanda wodumpha mzere. Aliyense ankazungulira mwendo wodwala mosamala ngati muli mazira.

Amayi anafika akuthamanga, chitenje chili m'manja. Anakankha anthu, anandiona ndili magazi okhaokha, ndikudzandira koma nditaima ndekha. Sanafunse kuti wandimenya ndani. Analiza nthungululu imene inadzutsa mbalame kudambo konse, misozi ikutsika. Mawa lake Yohane anandiitana kumpira, n'kundiika pagolo, ndipo nditagoletsa zigoli zambiri ananditukwana monga ankatukwanira aliyense. Sindinamvepo mawu okoma chotero.

Sindikunena kuti kumenyana n'kwabwino. Ana anga sindiwamenya, mukhoza kuwafunsa ine ndili pomwepo. Chimene ndikudziwa tsopano n'chakuti chisoni china chimafanana ndi kutsekera munthu kunja, kungoti chimatseka chitseko mwakachetechete. Kumene ndimagwira ntchito kuboma kuno kuli mnzanga wina amene amayendera ndodo chibadwire. Pamsonkhano akalankhula, onse amagwedeza mitu mwachifundo, akangokhala pansi n'kuchita zosiyana ndi zimene wanena. Ine akalakwa ndimamuuza kuti walakwa, mokweza, mpaka kukangana. Amauza aliyense kuti mdani wake m'boma lonse lino ndine ndekha, ndipo masana samadya ndi wina koma ine. Sabata yatha, tikukangana za mpira pansi pa mtengo, anamaliza chimanga chake chootcha n'kundigenda ndi chitsononkho. Ndinatola n'kumubwezera, ndipo sindinaphonye.