Benchi ya a Lumo

Ndawadziwa a Lumo kwa zaka makumi atatu ndi zinayi. Iwo amameta anthu, ine ndimakonza njinga, ndipo chimatilekanitsa ndi khoma limodzi la njerwa. Akatsokomola ndimamva. Sindine munthu wokonda kutamanda anzanga, choncho zimene ndikulemba pano ndi zokhazo zimene ndinaona.

Kale mabasi onse ankaima mumsewu wathu, pakhomo penipeni pa shopu yawo. Panja panali benchi yamatabwa imene anakhoma okha kuti odikira basi azikhalapo. Munthu ankalowa kudzameta khutu lili kumsewu. Basi ikaliza hutala ankatuluka chothamanga, mbali imodzi ya mutu isanathe.

Pa benchi imeneyo ndi pamene anatsanzikana ndi mwana wawo wamkazi, mmodzi yekhayo amene mkazi wawo anawasiyira pomwalira. Ankapita kukayamba ntchito kumzinda wakutali. Chikwama ndinamunyamulira ndine. Akukwera anati, "Ababa, musalire, ndibweranso."

"Akulira ndani?" anayankha iwo. "Ndi tsitsi landigwera m'maso. Pita. Tsiku lobwera udzandipeza pa benchi yomweyi."

Sipanapite nthawi yaitali, khonsolo inasamutsira siteji kumsewu watsopano, pafupi ndi msika. Kwathu kunangoti zii. Wogulitsa nyuzipepala anachoka, wosoka nsapato anamutsatira. Pa benchi panayamba kugona agalu, koma a Lumo ankaipakabe penti chaka ndi chaka. Mwana ankaimba foni n'kunena kuti abwera mwezi wa mawa. Anakwatiwa komweko, anabereka, ndipo mdzukuluyo agogo ake amangomuonera pa chithunzi.

Tsiku lina anandipeza ndikumata chubu.

"Akulu, ndiima nawo pa ukhansala."

"Mwayamba liti kumwa?"

"Ndikufuna mabasi abwerere mumsewu uno."

"China?"

"Palibe china."

Kampeni yawo yonse inachitikira pa mpando wometera. Akamumanga munthu nsalu m'khosi ankayamba: "Achimwene, mukukumbukira mmene msewu uno unalili?" Munthuyo ankayang'ana pagalasi n'kuvomera. Aliyense ankavomera. Madzulo akusesa tsitsi ankandikuwira, "Mitu yonseyi ndi yanga, akulu." Ndinawauza kuti munthu amene wamuika lumo pakhosi sangakutsutse, ngakhale umuuze kuti dzuwa limatuluka usiku. Anaseka. Ankayesa ndi macheza.

Pa chisankho anagwa moipa. Amene anapambana anali mwini sitolo ya zitsulo. Mawa lake a Lumo anatsegula shopu monga mwa masiku onse, anameta onse amene anawanamiza, ndipo palibe anatuluka ndi bala. Koma makina akazima, m'shopumo simunkamvekanso mawu.

Amene anawatsegula maso ndi mkazi wanga, yemwe amagulitsa kaunjika pamsika. Anaima pakhomo pawo, dengu lili pamutu.

"Alamu, pa mpando wanuwo panayamba pakhalapo mzimayi?"

"Mukudziwa nokha, alamu, ndimameta amuna okhaokha."

"Ndiye mumayesa ife timavotera kumwamba? Simunatifunsepo ngakhale kamodzi."

Chisankho china chitayandikira, a Lumo anayamba kutseka shopu masana n'kumapita kumsika. Amayi anawalandira ndi chiphwete. "Mwabwera kudzatimeta?" Iwo anavula chipewa n'kuyamba kufotokoza za msewu wakale, mmene unkadzazira anthu, mmene unkawalira madzulo. Mayi wina wogulitsa kabichi anawadula pakamwa.

"Bambo, munayamba mwasenzapo thumba kuchokera kwanu kuja kufika pano? Siteji isachoke. Ife tikufuna denga ndi pokhala. Mvula ikabwera timanyowa ndi katundu yemwe, dzuwa likakula ana amatipsera kumsana."

Anabwerera ali wefuwefu n'kudziponya pa benchi. "Amayi aja sakumvetsa, akulu."

Ndinaika sipanala pansi. "Amene sakumvetsa ndinu. Inu simukufuna mabasi. Mukufuna mwana adzatsikire pakhomo panu. Ameneyo khonsolo singakubweretsereni."

Analowa m'shopu n'kutseka chitseko. Kwa masiku angapo sanandipatse moni. Sindinapepese, chifukwa sindinaname. Ndinkangowamva kuseri kwa khoma akukoka mpando, akunola lumo popanda womumeta.

Atatuluka anapitanso kumsika. Mkazi wanga analipo, ndiye anandiuza mawu awo. Akuti anati, "Amayi, za msewu wathu ndazisiya. Ndikulonjeza denga ndi pokhala pa siteji yanuyi. China sindilonjeza, chifukwa sindikudziwa ngati ndingachithe." Mayi wa kabichi uja anati, "Mukanama tidzabwera tonse kudzakumetani ndi lumo lanu lomwe."

Anapambana, koma mwapang'ono. Amuna ena a mumsewu wathu anati awagulitsa, ndipo mpaka lero amakameta kwina.

Ukhansala sunawasinthe. Jekete inali imodzi yomweyo, yotuwa m'zigongono. Ankabwera kuchokera ku misonkhano atatopa, akudandaula kuti anthu amatha tsiku lonse akukangana za amene ayambe kulankhula. Voti yawo inali imodzi pakati pa ambiri. Koma msonkhano uliwonse ankaimika dzanja n'kufunsa za denga, mpaka anzawo anayamba kuwatcha a Malata. Ndinene chilungamo: zina zambiri za m'dera mwathu sanazithe. Ngalande ya kuseri kwa sukulu ikadali yotsekeka. Koma chaka chachitatu mizati inaima pa siteji, malata anakhomedwa. Za pokhala khonsolo inati zidikire kaye.

M'mawa wina anagogoda pakhomo panga.

"Akulu, mundibwereke njinga yonyamulira katundu ija."

"Mukunyamula chiyani?"

Analoza benchi.

Tinaimanga ndi mphira za machubu akale n'kuyamba kukankha, iwo kutsogolo, ine kumbuyo. Pamene inakhala zaka zonsezo panatsala timaenje tinayi m'dothi. Iwo sanacheuke. Ine ndinacheuka, ndipo khomo la shopu linaoneka ngati m'kamwa mwa munthu wogweluka mano. Titafika, amayi anakhalapo tisanamalize n'komwe kumasula mphira.

Nthawi yawo itatha sanaimenso. Anati chimene anapitira chachitika. Masiku ano manja ayamba kunjenjemera, amameta ana ndi ife okalamba anzawo amene tilibe tsitsi loti n'kuwononga. Mabasi sanabwerere mumsewu wathu, ndipo sadzabwerera. Nthawi zina lole ikaliza hutala patali, ndimamva makina awo akuzima kuseri kwa khoma, kenako n'kuyakanso.

Loweruka lililonse masana amatseka shopu, kuvala jekete ija, n'kupita ku siteji. Amayi amasendera kuti awasiyire malo kumapeto kwa benchi. Basi ya kumzinda ikafika amaimirira, amayang'ana otsika mmodzimmodzi mpaka womaliza, kenako amakhalanso pansi n'kufunsa mayi wa kabichi za malonda.

Mwana anaimbanso posachedwapa. Akuti mwezi wa mawa. Ndinali pomwepo, ndinawamva akumuuza kuti, "Siteji inasamuka, mwanawe, koma usadzasochere. Benchi nayo inasamuka."

Denga limene a Lumo analonjeza amayi lija lilipo, aliyense angathe kukaliona. Latsala ndi lonjezo lawo kwa mwana, loti tsiku lobwera adzawapeza pa benchi. Limenelo akulisungabe.