Wofesa wa pa Khoma la Tchalitchi

Ntchito yanga yoyamba inali yolemba zikwangwani pa Mayani, nthawi ya chipani chimodzi, nditangokwatira kumene. Ndinkalemba maina a magolosale ndi a zigayo, ndipo eni tiyirumu akafuna ndinkawonjezera kapu yofuka nthunzi ndi buledi pambali pake. Akachipani nawo ankandituma kujambula tambala wakuda pa nsalu zolandirira alendo akuluakulu. Ntchito imeneyo sinali yokana, ndipo malipiro ake anali zikomo basi. Nkhope ya mtsogoleri wa dziko ndiye sitinkayerekeza n'komwe kuijambula pamanja.

Madzulo ndikaweruka ndinkajambula zanga pa makatoni: mapiri, amayi akukumba mbatatesi, ng'ombe m'nkhungu. Tsiku lina ndinazikulunga m'chitenje cha mkazi wanga n'kupita nazo ku boma kukafunsa ngati ojambula amathandizidwa. Mkulu amene ndinam'peza mu ofesi anaziyala patebulo, n'kuziyang'ana nthawi yaitali.

"Zokongola zedi, achimwene," anatero. "Koma thandizo limene limafika kuno ndi la magule ndi mpira. Mulibe gulu lovina kwanuko?"

Ndinati miyendo yanga ndi yolemera. Tinaseka tonse, ine n'kumanganso katundu wanga.

Amene anandipatsa ntchito yeniyeni ndi bambo mfumu a parishi yathu. Anaona kapu ya tiyi ija pakhoma, n'kufunsira mpaka kundipeza. Akhristu a m'mudzi wina cha ku Lobi anali atamanga tchalitchi cha njerwa, ndipo khoma la kuseri kwa guwa linali lopanda kanthu. Ankafuna chithunzi cha wofesa mbewu.

"Parishi ikupatsani njereza, maburashi ndi penti pang'ono," anatero bambo mfumuwo. "Zina zonse muona kwa akhristu."

Akhristuwo anagwirizana kuti mphakati uliwonse uzindidyetsa mosinthana, ndipo pomaliza anditumizire mbatatesi ndi nyemba kunyumba. Mkazi wanga atamva anati bola zimenezo kusiyana ndi ndalama, chifukwa sizithera pamsika munthu asanafike kwawo.

Penti sanakwane, makamaka wofiira. Ndinakumbukira zojambula za makolo m'mapanga a ku Mphunzi, zimene tinkakaziona tili ana poweta mbuzi. Ndinayamba kukumba katondo, kumusefa ndi kumusakaniza ndi guluu wa akalipentala. Wakuda ndinkamupeza popera makala. M'mawa zala zinkauma ndi chisanu moti burashi inkagwa, choncho ndinkayamba ndaotha dzuwa kukhonde.

Pakhonde pamenepo ndi pomwe ndinaona bambo wina wachikulire akubzala nyemba m'dimba la kumunsi kwa tchalitchi. Anali wamtali, wowerama pang'ono, dzanja lake likugwira ntchito mosathamanga. Ndinatsikirako, n'kuwapatsa moni, n'kupempha kuti ndiwajambule.

"Mukudziwa kuti ine ndine wa kudambwe?" anandifunsa. Ankatanthauza kuti ndi wa gule wamkulu, ndipo m'tchalitchi anali asanalowemo chibadwire.

"Ine ndikufuna dzanja lanulo ndi msana, agogo."

"Tengani, koma khasu musandilande," anayankha, n'kupitiriza kubzala.

Ndinawajambula pa katoni kwa masiku angapo, kenako ndinakwera pansanja n'kuwakuza pakhoma. Ndinkati nditenga dzanja ndi msana zokha, koma nkhope nayo inabwera. Kumbuyo kwawo ndinaika mapiri athu omwewa, ndi mayi wonyamula dengu la mbewu.

Oyamba kudandaula anali atcheyamani a chipani a m'deralo, amenenso anali mkhristu wa pomwepo. Analoza mayi wa dengu uja.

"Aphunzitsi," anatero, pakuti aliyense wogwira burashi kapena choko ankamutchula choncho, "mawondo awa akuoneka. Lamulo la kavalidwe simukulidziwa? Mutiika m'mavuto tonse."

Sindinatsutse. Tsiku lomwelo ndinatsitsa chitenjecho mpaka m'akakolo, ndipo kunena zoona chinakongola kuposa poyamba, chifukwa ndinapeza malo oikapo maluwa.

Nkhani yaikulu inabuka Lamulungu, anthu atazindikira nkhope ya wofesayo. Mapemphero atatha akuluakulu a tchalitchi anakhala pansi pa mtengo, ine n'kuitanidwa. Ena ankati munthu wa gule sangaime kuseri kwa guwa. Ndinachita mantha, chifukwa kufufuta nkhope imeneyo kunali kuyambiranso theka la ntchito, katondo wanga atatsala pang'ono.

Kenako anaimirira mayi wina wamasiye, mtsogoleri wa kwaya.

"Chaka chija mbewu yanga inafumbwa, anandipatsa ina ndi bambo amenewa," anatero. "Ambiri mwa inu munakatapanso komweko. Ngati tikufuna wofesa wina, tiuzeni ndani."

Atcheyamani aja anatsokomola, n'kunena kuti iwo nkhawa yawo inali chitenje, ndipo chakonzedwa. Anthu anaseka, nkhani n'kuthera pomwepo.

Agogowo sanalowebe m'tchalitchi. Tsiku limene ndinkapasula nsanja anabwera n'kuima panja pawindo, manja kumbuyo, n'kusuzumira kwa kanthawi.

"Mwandichepetsa zaka," anatero. "Koma nyemba sitimwaza chonchi, timabzala m'phando."

Ndinawafotokozera kuti m'fanizo la m'Baibulo munthuyo ankamwaza.

"Ndiye n'chifukwa chake zina zinkagwera pamsewu," anatero, akubwerera kudimba kwawo.

Patapita sabata, ngolo inaima pakhomo pathu pa Mayani itadzaza matumba. Mkazi wanga anagawirako apongozi, zina tinasunga za mbewu. Matchalitchi ena a m'mapirimo atamva anayamba kundiitana, ndipo kwa zaka zambiri ndinkakhala miyezi ya chilimwe pansanja, dzinja n'kubwerera ku zikwangwani ndi kumunda. Ana athu anakula akudziwa kusefa katondo ngati mmene anzawo ankadziwira kusefa ufa, ndipo wachiwiri, mtsikana, ndi amene anadzanditengera maburashi maso anga atayamba kufooka.