Lichero Langa pa Mayeso a Mwana Wanga

Ndiyambe ndi kuyamika Ambuye amene saiwala anthu a m'fumbi. Ine ndinathyola tiyi pa esiteti mpaka msana unakana dengu, koma Iye anandipatsa mwana wamkazi amene anafika pa digiri yomalizira ya kuyunivesite, ija amati ukaitenga umatchedwa dokotala wa maphunziro.

Kafukufuku wake anali wa masamu a fizikisi. Atabwera kumudzi kudzakonzekera mayeso otsiriza, ndinamukakamiza kuti andifotokozere. Anati amafufuza zinthu zimene ukazizunguza zimaonekabe monga zinalili, ndipo kazungulidwe kameneko kali ndi malamulo ake olembedwa mu aljebura, masamu a zilembo. Ngakhale tinthu tosaoneka timene Mulungu anaumbira dziko timamvera malamulo omwewo. Ataona kuti ndangoti kukamwa yasa, anatola lichero langa.

"Mwaona, Amayi? Ndi lozungulira. Ndilizunguze pang'ono kapena kwambiri, silisintha."

"Iwe, sukulu yakutseka maso," ndinatero. "Mkombero ndiye susintha, koma taona nsungwi mmene anazilukira. Ukalizunguza pang'ono zaloza kwina. Lifikitse theka, ndiye zibwerere mwakale."

Mwana anakuwa mpaka nkhuku zinabalalika. "Amayi! Mutu wachinayi wa kafukufuku wanga ndi umenewo!" Akuti mkombero umalola kuzunguza kulikonse, koma kalukidwe ka nsungwi kamasiyako kochepa, ndipo iye anatha zaka zinayi akuwerengera chimene chimatsalacho. Ndinaseka mpaka misozi.

Omuyesa anali atatu, aliyense dziko lake, choncho mayeso anali a pa laputopu. Mwana akanalephera, zaka zinayi zija zikanangogwera m'madzi. Kwathu netiweki imagwira bwino malo amodzi okha, pa kamtunda ka pakati pa munda wa tiyi, pansi pa mtengo wa mthunzi. Akapitawo anatiloleza. Amayi anzanga amene timapemphera nawo Lachinayi anati sangatsale.

"Bwerani, koma chonde, phokoso ayi," anatero mwana wanga. "Mukhale kumunsi. Lichero ili nditchingira dzuwa pa laputopu. Ndikakhoza ndilikweza m'mwamba, pamenepo muchite zanu."

Tinagwada m'mizere ya tiyi kuyambira m'mawa, tikupemphera monong'ona, chinthu chimene sitinachizolowere. Dzuwa linakwera, mawondo anachita dzanzi. Kenaka ndinaona lichero lili m'mwamba, likuzungulira.

Nthungululu yoyamba inali yanga, sindikana. Tinathamanga mokwera mtunda tikuimba, zitenje zikukodwa m'tiyi. Mayi wina amene amadandaula bondo chaka chonse anandipitirira ngati mtsikana, akufuula kuti, "Achemwali, changu, mwabereka dokotala inu!"

Titafika ndinapeza mwana maso ali tong'o, dzanja likutikupiza kuti tikhale pansi. Pa laputopu nkhope zitatu zinali kutiyang'ana.

"Amayi, sitinathe! Ndimangowaonetsa kalukidwe!"

Nyimbo inafera pakhosi. Tinatsetsereka chobwerera m'mbuyo, ndipo ine ndinadzigwetsa pakati pa zitsamba, nkhope m'dothi. Ndinati, Ambuye, musalange mwana chifukwa cha pakamwa pa mayi wake. Mnzanga wa bondo uja anali pambali panga, phewa likugwedezeka. Ndinayesa akulira, koma anali kuseka, ndipo Mulungu andikhululukire, nane zinandigwira. Ndinapemphera ndikuluma mpango.

Zimene zinachitika kumtunda anandiuza pambuyo pake. Wamkulu wa oyesawo, mayi wa imvi, anafunsa ngati kwabuka moto. Mwana wanga ananena zoona, kuti amayi ake ayesa kuti wakhoza kale. Anaseka onse atatu. Kenaka mayi wa imvi uja anati alibweretse licherolo pafupi, ndipo funso lotsatira analitenga pa kalukidwe komweko, lovuta kuposa onse. Koma mwana analiyankha.

Patapita nthawi lichero linakweranso. Ife tinangoyang'anana. Palibe anayerekeza ngakhale kutsokomola. Linakwera kachitatu, ife chete. Mpaka mwana anaimirira pa mpando n'kufuula, "Amayi, inu! Tsopano ndi zoona!"

Za pamenepo sindingazilembe mwadongosolo. Othyola tiyi a munda woyandikana anatula madengu n'kubwera. Akapitawo anayamba ndi kukalipa, koma ndinawaona ndi maso anga mapazi awo akuponda ngati a ovina gule wa tchopa. Ine ndinavina lichero lili pamutu, ndikutchula dzina la Ambuye mu Chichewa ndi mu Chilomwe momwe.

Licherolo mwana anafuna kupita nalo. Ndinamukaniza, ndimapetera.

Inu amene mwawerenga izi, Mulungu amene sasintha ngakhale masiku atizunguze chotani akusungeni, inu ndi ana anu. Ndipo mukathamangira kuyamika nthawi isanakwane monga ndinachitira ine, akuchitireni chifundo, akwaniritse chimene mwachiimbira nthungululu. Ameni.